Black Panther ndi Oonera Ake: Zimene Manambala Amanena ndi Zimene Amasiya

Filimu ya Black Panther itatuluka pa 16 Febuluwale 2018, manambala anayi anayamba kuzungulira pa intaneti ngati umboni wa mmene anthu anailandirira. Ounika mafilimu pa Rotten Tomatoes, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa ndemanga za mafilimu, anaipatsa 96 peresenti. Oonera wamba pa tsamba lomwelo anakhazikika cha pa 79 peresenti. Kampani ya CinemaScore, imene imafunsa oonera maganizo awo, inalemba A+. Pa IMDb, tsamba lina la za mafilimu, malikisi anakakhala cha pa 7.3 pa 10. Filimu ndi yomweyo, osewera ndi omwewo, koma wina amanyamula A+ n'kumati dziko lonse linagoma nayo, mnzake n'kunyamula 7.3 n'kumati inali filimu wamba imene atolankhani anangoikokomeza. Onse awiri aphonya pa chifukwa chimodzi. Nambala iliyonse imayankha funso lakelake, ndipo anthu amene anafunsidwa ndi osiyana. Ukapanda kudziwa kuti anafunsa ndani, liti, ndiponso funso lanji, nambalayo imakusocheretsa.

Funso lililonse lili ndi anthu ake

Tiyambe ndi 96 peresenti ija, poti ndi imene ambiri amaimva molakwika. Si malikisi ngati a mayeso a kusukulu. Rotten Tomatoes imasonkhanitsa ndemanga za ounika amene inawavomereza, a m'manyuzipepala, m'magazini ndi m'masamba a pa intaneti, ndipo ndemanga iliyonse imaikidwa mbali imodzi mwa ziwiri: yoyamikira kapena yosayamikira. Zapakati kulibe. Akatero amangowerenga kuti mwa ndemanga zonse, zoyamikira zilipo zingati. Filimu ikafika 60 peresenti imapatsidwa chizindikiro cha phwetekere wofiira, ikalephera imapatsidwa cha wobiriwira wophwanyika.

Tiyerekeze kuti ounika 100 aonera filimu, ndipo aliyense wati ndi yabwinoko, 6 pa 10. Nambala idzatuluka 100 peresenti ngakhale kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene yamufika pamtima. Filimu ina, ounika 70 aitamanda kwambiri koma 30 aida, idzapeza 70 peresenti basi. Njira imeneyi imakomera filimu yosakhumudwitsa aliyense, ndipo mafilimu a ngwazi za mphamvu zodabwitsa amapangidwa ndi cholinga chimenechi. Wofuna kudziwa ngati ounika anaikondadi ayang'ane tsamba la Metacritic, limene limatenga malikisi enieni a ounika ochepa osankhidwa n'kupeza apakati. Kumeneko Black Panther inapeza 88 pa 100, zomwe n'zosowa kwa filimu ya mtundu umenewu. Apa ndiye tinganene mosakayika kuti ounika anaikonda, sanangoilekerera.

Nambala ya oonera wamba imawerengedwa mofananako: ndi chiwerengero cha anthu amene apereka nyenyezi zitatu ndi theka kapena kuposerapo, pa nyenyezi zisanu. Vuto lake mu 2018 linali lakuti aliyense wokhala ndi akaunti ankatha kuvota, kaya waonera kaya sanaonere.

CinemaScore ndi yosiyana kwambiri. Kampaniyi, imene likulu lake lili ku Las Vegas, inayamba mu 1979, ndipo imatumiza anthu kukaima pakhomo pa nyumba zoonetsera kanema m'mizinda ingapo usiku woyamba filimu ikamatuluka. Oonera amapatsidwa kakhadi, ndipo amang'amba pa giredi imene asankha, kuyambira A mpaka F. Ubwino wake ndi wakuti aliyense wofunsidwa waoneradi filimuyo, ndipo gulu la pa intaneti silingalowererepo. Kuipa kwake ndi kwakuti munthu wogula tikiti usiku woyamba amakhala kuti anaikonda kale filimuyo asanaione. N'chifukwa chake magiredi a CinemaScore amakhala okwera, ndipo amawerengedwa mwapadera. Kwa filimu ya ngwazi, A ndi zabwino, A+ ndi zosowa, pamene B ndi chenjezo lakuti anthu amene anafika ndi chimwemwe abwerera atagwa ulesi. CinemaScore siiyeza kukoma kwa filimu. Imayeza ngati filimuyo yakwaniritsa zimene otsatsa malonda analonjeza.

Pa IMDb anthu a m'mayiko onse amavota kuyambira 1 mpaka 10, chaka ndi chaka, ngakhale filimu itakalamba. Tsambali limapereka mphamvu zosiyana kwa mavoti osiyanasiyana, ndipo limabisa dala njira yeniyeni yowerengera kuti anthu asaibere. Nambala ya 7.3 ili ndi mavoti a munthu amene anaonera patapita zaka zitatu, atamva matamando ochuluka, n'kudabwa kuti, kodi n'zomwezi? Ilinso ndi mavoti a anthu amene kufunika kwa filimuyi kwa anthu akuda sikunawakhudze.

Palinso voti ina imene eni mafilimu amaikhulupirira kuposa zonsezi, voti ya m'thumba. Ndalama za sabata yoyamba zimangosonyeza mphamvu ya kutsatsa. Maganizo enieni a oonera amaonekera sabata yachiwiri, pamene amene anaonera kale auza anzawo kuti pitani kapena musataye ndalama. Black Panther inapeza madola 202 miliyoni ku North America m'masiku atatu oyamba, ndipo kumapeto a sabata yotsatira inatsika ndi 45 peresenti yokha. Pomaliza inafika madola 700 miliyoni kumeneko. Mukagawa 700 ndi 202 mupeza pafupifupi 3.5. Yerekezani ndi Batman v Superman ya mu 2016, imene inapatsidwa B ndi CinemaScore: inayamba ndi madola 166 miliyoni, inagwa ndi 69 peresenti sabata yachiwiri, n'kuthera pa madola 330 miliyoni, kuwirikiza kawiri kokha. Filimu ya ngwazi ikawirikiza katatu kapena kuposerapo ndalama zake zoyambira, dziwani kuti anthu akutumizana, ndipo ena akubwereza kuonera. Padziko lonse Black Panther inapeza pafupifupi madola 1.35 biliyoni, pa filimu imene inapangidwa ndi madola pafupifupi 200 miliyoni.

Ovota asanaonere

Kutatsala masabata awiri kuti filimuyi ituluke, gulu lina pa Facebook linalengeza poyera kuti likusonkhanitsa anthu oti akagwetse malikisi a Black Panther pa Rotten Tomatoes. Facebook inalichotsa gululo. Chaka chotsatira zoterezi zinakula pa filimu ya Captain Marvel, pamene anthu okwiya ndi zimene wosewera wamkulu wa filimuyo, Brie Larson, ananena zokhudza kuchepa kwa akazi ndi anthu osakhala azungu pakati pa ounika mafilimu anadzaza Rotten Tomatoes ndi ndemanga zoipa filimu isanatuluke n'komwe. Mu Febuluwale 2019 Rotten Tomatoes inaletsa kulemba ndemanga filimu isanayambe kuonetsedwa. Mu Meyi chaka chomwecho inayambitsa nambala yatsopano, yowerenga okhawo amene atsimikizira kuti anagula tikiti kudzera ku Fandango, kampani yogulitsa matikiti ku America imene ndi mwini wake wa tsambali. Captain Marvel, imene oonera pa tsambalo anaisiya cha pa 45 peresenti, inapeza A ku CinemaScore ndi madola oposa 1.1 biliyoni.

Kuzindikira kuti malikisi agwetsedwa dala sikovuta. Choyamba onani nthawi: mavoti ambirimbiri obwera m'maola oyamba, kapena filimu isanatuluke, ndi okayikitsa. Kenako tsegulani mmene mavoti agawikira pa IMDb. Maganizo a anthu oonadi amaunjikana pakati, pa 6, 7 ndi 8, n'kumachepa chakumapeto. Mukaona mulu waukulu pa 1 ndi wina pa 10, ndiye kuti magulu awiri akumenyana, wina akugwetsa wina akukweza, ndipo onse akuwononga nambalayo mofanana. Werenganinso ndemanga zingapo. Woonera weniweni amatchula chimene chamunyansa, monga nkhondo yomaliza kapena kutalika kwa nkhani. Wogwetsa dala amalankhula za ndale kapena za moyo wa wosewera, osatchula chilichonse cha mufilimu.

Komabe tisafulumire kunena kuti aliyense amene sanaikonde Black Panther anali wa tsankho. Mu 79 peresenti ija munali ogwetsa dala, inde, koma munalinso anthu a madandaulo omveka, ndipo ambiri mwa iwo anali akuda, ena a mu Africa muno.

Amene sawerengedwa

Manambala onse tatchulawa amachokera makamaka ku America. CinemaScore siifika ku Lilongwe kapena ku Lusaka, ndipo Fandango siigulitsa matikiti kuno. Ku South Africa, kumene nyumba za kanema zilipo zambiri, filimuyi inapeza ndalama zoposa marandi 100 miliyoni, ndipo zimenezo zinalembedwa. Koma kwathu kuno ambiri amaonera mafilimu pa DStv, pa foni, pa fulashi kapena ku vidiyo sho, nthawi zina ali omasuliridwa ndi anyamata olankhula Chichewa pamwamba pa mawu a osewera. Palibe amene amawerenga maganizo awo. Ndipo kaonedwe kotere kamasintha ngakhale chimene munthu akuweruza. Pa foni yaing'ono zolakwika za zithunzi za pakompyuta sizioneka bwino, ndipo pamene womasulira akulankhula, katchulidwe ka mawu ka osewera kamakwiririka. Chimatsala ndi nkhani yokha: mfumu yamwalira, mwana walowa ufumu, ndiye kukubwera mbale wake wokulira kunja, mwana wa mng'ono wa mfumu yomwalirayo, kudzati mpandowu ndi wanganso. Mkangano wotere safuna kuchita kuufotokozera munthu amene anakulira pafupi ndi bwalo la mfumu.

Osewera ndi lilime lawo

Mkangano waukulu pakati pa oonera a mu Africa unali pa kalankhulidwe. Chinenero cha Wakanda, dziko lopeka la mu Africa kumene nkhani ya filimuyi imachitikira, ndi Chixhosa, ndipo chinalowa kudzera mwa John Kani, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa, amene anasewera mfumu T'Chaka mu Captain America: Civil War ya mu 2016. Chadwick Boseman, wosewera T'Challa, mwana wa T'Chaka amene ndiye ngwazi Black Panther, anali wa ku South Carolina. Iye anafotokozapo kuti anakana kuti mfumu ya dziko limene silinalamulidwepo ndi atsamunda izilankhula Chingerezi cha ku Britain kapena cha ku America, ndipo anaumirira katchulidwe ka ku Africa. Maganizo amenewa anali olondola, ndipo filimuyi ikanaluza zambiri akanagonja.

Vuto linali pa kukwaniritsa kwake. Osewerawo anachokera kosiyanasiyana. Lupita Nyong'o ndi wa ku Kenya. Danai Gurira anabadwira ku Iowa n'kukulira ku Harare. Letitia Wright anabadwira ku Guyana n'kukulira ku London. Daniel Kaluuya ndi wa ku London, makolo ake a ku Uganda. Winston Duke ndi wa ku Tobago, pamene Angela Bassett ndi Forest Whitaker ndi a ku America. Onsewa anayenera kumveka ngati anthu a dziko limodzi. Kwa khutu la ku America zinatheka. Kwa khutu la ku Eastern Cape kapena ku Johannesburg, munthu m'modzi ankamveka wa kum'mawa kwa Africa, wina wa kumadzulo, wina wosadziwika kwawo, onse ali m'bwalo limodzi. Chixhosa chili ndi mawu odokonyola lilime, olembedwa ndi c, q ndi x, ndipo mlendo amagwidwira pamenepo. Komanso kukweza ndi kutsitsa mawu kumasintha tanthauzo, monga mmene zilili m'Chichewa pa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Munthu wophunzira ziganizo zochepa m'masabata ochepa amatha kuloweza zilembo koma nyimbo ya chinenerocho imamuthawa. Katchulidwe ka Forest Whitaker ndi kamene kanasekedwa kwambiri pa intaneti. Winston Duke, wosewera M'Baku, anatengera kalankhulidwe ka ku Nigeria, ndipo poti mtundu wake mufilimumo unali wodzipatula kumapiri, kusiyanako kunamukomera.

Oonera a ku South Africa ambiri anagawikana mumtima: ankaseka katchulidwe, kwinaku akusangalala kumva chinenero chawo m'filimu yaikulu chotere. Zinthu ziwirizi zimatheka mwa munthu mmodzi, koma voti ya nyenyezi siitha kuzionetsa. M'bwalo la akuluakulu a Wakanda munalinso mayi Connie Chiume, amene anabadwira ku Welkom mu 1952, ndipo bambo awo anali ochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay. Gawo lawo linali laling'ono, mtsogoleri wa mtundu wa anthu a migodi, koma anabweranso mufilimu yachiwiri. Anamwalira ku Johannesburg mu Ogasiti 2024.

Zovala zinadzutsa mkangano wofanana. Wokonza zovala za mufilimuyi, Ruth E. Carter, anatenga mabulangete a Abasotho, chipewa cha amayi okwatiwa a Chizulu, mikanda ya Amaasai, mphete za m'khosi za Andebele ndi kakonzedwe ka tsitsi ka Ahimba a ku Namibia, n'kuziika m'dziko limodzi. Ena anaona ulemu, ena anaona chizolowezi chakale chotenga Africa yense ngati mudzi umodzi. Ntchitoyo payokha inali yapamwamba, ndipo inamupezetsa mphoto ya Oscar. Filimuyi inapeza ma Oscar atatu, enawo a Hannah Beachler wokonza malo ojambulira ndi Ludwig Göransson wopeka nyimbo, amene anagwira ntchito ndi woimba wa ku Senegal, Baaba Maal. Inalinso filimu yoyamba ya ngwazi kupikisana nawo pa mphoto ya filimu yopambana zonse.

Killmonger, mdani amene anthu anamumvetsa

Wosewera amene anthu anamukambirana kwambiri sanali ngwazi ya mufilimuyi, koma mdani wake. Michael B. Jordan anasewera Killmonger, mwana wa kalonga wa Wakanda amene anasiyidwa wamasiye ku Oakland, California, bambo ake ataphedwa ndi mkulu wawo. Funso lake ndi lakuthwa: dziko lolemera chonchi linali kuti pamene anthu akuda ankagulitsidwa ndi kulamulidwa? Tikamuona koyamba ali wamkulu, ali m'nyumba yosungira zinthu zakale ku London, akufunsa wogwira ntchito kuti zinthu za ku Africa zinafika bwanji kumeneko. Nyumbayo ndi yopeka koma nkhaniyo ndi yeniyeni. Asilikali a Britain analanda zosula za ku Benin mu 1897, ndipo chigaza chakale chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chikadali ku London ngakhale Zambia yakhala ikuchipempha.

Apa oonera anagawikana m'njira imene manambala sangaonetse, chifukwa magulu onse anaikonda filimuyo. Gulu lina linati Killmonger ananena zoona, koma olemba nkhani anamupatsa nkhanza zoonjeza kuti oonera asamutsatire: akuwombera chibwenzi chake, akukanyanga pakhosi mayi wachikulire wosamalira zitsamba za ufumu. Mphunzitsi wa nzeru zakuya Christopher Lebron analemba mu Boston Review kuti filimuyi inaika mwamuna wakuda wa ku America ngati choopsa choyenera kuphedwa. Gulu lina linayankha kuti Killmonger anaphunzira nkhondo kwa asilikali a America, ndipo chimene ankafuna chinali ufumu wolamulira dziko lonse, utsamunda womwewo utangosintha mwini. Linanenanso kuti pomaliza T'Challa anasintha mfundo za dziko lake chifukwa cha iyeyo. Mfundo yachiwiriyi ili ndi umboni mufilimu momwemo, koma yoyambayo siyofunika kuinyoza. Kupatsa mdani wolankhula zomveka nkhanza zadzidzidzi ndi njira yachidule imene olemba mafilimu a ngwazi amaigwiritsa ntchito kawirikawiri.

Kudandaula kwina kunachokera ku Africa. Wolemba wa ku Kenya Patrick Gathara analemba mu Washington Post kuti Wakanda ndi Africa wa m'maganizo a azungu: dziko la luso lapamwamba koma losankha mtsogoleri pomenyana pa mathithi, lolamulidwa ndi banja limodzi, logawika m'mitundu. Enanso sanamvetse chifukwa chake mzungu wabwino mufilimuyi, amene anasewera Martin Freeman, ndi kazitape wa CIA, bungwe laukazitape la America limene kafukufuku wa nyumba ya malamulo ya America mu 1975 anapeza kuti linakonzapo chiwembu chopha Patrice Lumumba wa ku Congo. Woonera amene amaidziwa mbiri imeneyi savutika kuona vuto lake.

Pamene kompyuta inalanda ntchito

Dandaulo limene pafupifupi onse amagwirizana ndi la nkhondo yomaliza. T'Challa ndi Killmonger akumenyana m'mgodi wamdima, pa njanji, onse atavala zovala zakuda zophimba nkhope. Kwa nthawi yaitali zimene tikuona si anthu koma zithunzi zojambula pakompyuta, ndipo diso limazindikira. Thupi la munthu likagwa limalemera, likamenyedwa limachedwa kudzuka, ndipo mapazi amakanikiza pansi. Zithunzi zopangidwa mothamanga zimauluka ngati zilibe kulemera. Nkhope zikaphimbidwa, woonera sathanso kuwerenga mantha kapena mkwiyo, ndiye mtima umachoka pa nkhondoyo. Yerekezani ndi nkhondo ziwiri za pa mathithi, zimene zinajambulidwa pa malo omangidwa ndi madzi enieni ku Atlanta, osewera ali nkhope poyera. Zimenezo ndi zimene anthu amakumbukira.

Chimayambitsa vutoli kawirikawiri si kusadziwa ntchito. Tsiku lotulutsa filimu limalengezedwa kale ndipo silisuntha, ntchito ya zithunzi imagawidwa kwa makampani ambiri opikisana pa mtengo, ndipo mbali yomaliza ya nkhani ndi imene imasinthidwa mochedwa anthu oyesera akaonera. Ojambula amatsala ndi masabata ochepa pa ntchito ya miyezi. Mu 2022 ogwira ntchitoyi ambiri anadandaula poyera za kagwiridwe ka ntchito ndi Marvel, kampani imene inapanga Black Panther, ndipo mu Seputembala 2023 amene amalembedwa ndi Marvel mwachindunji anavota kulowa bungwe la ogwira ntchito la IATSE.

Mpando wa T'Challa

Chadwick Boseman anamwalira pa 28 Ogasiti 2020 ali ndi zaka 43. Anapezeka ndi khansa ya m'matumbo mu 2016, ndipo anajambula Black Panther akudwala, anthu ochepa okha akudziwa. Imfayi inasintha mmene anthu amaonera kasewero kake. Mu 2018 ena ankati Jordan wamuphimba, kuti T'Challa ndi wofatsa kwambiri. Ataonanso pambuyo pake ambiri anazindikira kuti kufatsako kunali ntchito yovuta: kusewera munthu amene mphamvu yake ili pa kudziletsa, ndi kusiyira ena malo kuti awale.

Mu Disembala 2020 mkulu wa Marvel Studios, Kevin Feige, analengeza kuti gawo la T'Challa silipatsidwa kwa wosewera wina. Pamenepa panabuka mkangano umene sunathebe. Ogwirizana ndi chigamulochi ankati chisoni chinali chikadali chachiwisi, kuti wotsogolera filimu Ryan Coogler ndi osewera anzake anataya mnzawo weniweni, ndipo aliyense wolowa m'malo mwake akanangoyerekezedwa ndi malemuyo. Otsutsa, amene anasonkhanitsa masiginecha masauzande ambiri pa intaneti, ankati T'Challa analipo Boseman asanabadwe, poti Stan Lee ndi Jack Kirby anamuyambitsa m'mabuku a nthano za zithunzi mu 1966. Ankati Batman, Superman ndi Spider-Man aseweredwa ndi anthu ambiri, ndipo palibe amene anaganizapo zowapha chifukwa wosewera wachoka. Nanga bwanji ngwazi yaikulu yakuda ikwiriridwe itangoyamba kumene? Onse awiri ankanena kuti akulemekeza Boseman. Kwathu kuno mfumu ikamwalira dzina silimwalira, wina amalowa, koma salowa maliro ali mkati. Mbali zonse zinali ndi gawo la choonadi chimenechi, ndipo chimene chinawasiyanitsa kwenikweni chinali nthawi. Kampani inali ndi ndandanda ya mafilimu yoti itsatire, ndipo sinadikire zaka zoti chisoni chiphwe.

Black Panther: Wakanda Forever inatuluka pa 11 Novembala 2022, yotalika mphindi 161. Nkhani inayamba ndi imfa ya T'Challa, ndipo udindo unagwera mlongo wake Shuri. Letitia Wright anasenza katundu amene sanalembedwere poyamba, poti Shuri wa mu 2018 anali mtsikana wanthabwala wa m'chipinda cha zopangapanga. Anavulalanso pojambula ku Boston mu Ogasiti 2021, zomwe zinachititsa kuti ntchito iime kwa kanthawi. Oonera anagawikana pa iye, koma anagwirizana pa Angela Bassett, wosewera mayi ake a T'Challa, amene anapata mphoto ya Golden Globe n'kukhala woyamba kupikisana pa Oscar ya kasewero kuchokera mufilimu ya Marvel Studios. Tenoch Huerta wa ku Mexico, wosewera Namor, mdani wa mufilimuyi, anachitira oonera a ku Latin America zofanana ndi zimene filimu yoyamba inachitira anthu akuda, poti anthu ake ankalankhula Chimaya cha ku Yucatán.

Manambala a filimu yachiwiriyi ali ndi msampha. Oonera pa Rotten Tomatoes anaipatsa cha pa 94 peresenti, ndipo wina angati inakondedwa kuposa yoyamba ya 79. Ayi. Nambala ya 79 inachokera kwa aliyense wofuna kuvota, ya 94 inachokera kwa ogula matikiti otsimikizika, malamulo atasintha mu 2019. Ndi miyeso iwiri yosiyana. Miyeso imene sinasinthe ikuloza kwina: ounika anatsika kuchoka pa 96 kufika cha pa 84, CinemaScore inatsika kuchoka pa A+ kufika pa A, ndipo filimu imene inayamba ndi madola 181 miliyoni inagwa ndi 63 peresenti sabata yachiwiri n'kuthera cha pa madola 454 miliyoni ku North America, kuwirikiza kawiri ndi theka. Padziko lonse inapeza madola 859 miliyoni. Ngakhale apa pafunika kusamala, chifukwa pambuyo pa mliri wa Covid-19 anthu ambiri anazolowera kudikira kuti filimu ifike pa Disney+, njira yoonera mafilimu kunyumba pa intaneti, ndipo filimu ya maliro si imene munthu amabwereza katatu.

Coogler anasiya khomo lotsegula. Mayina a opanga filimu atayamba kudutsa, Nakia, chibwenzi cha T'Challa, akuonetsa Shuri mwana wamwamuna amene anabereka ndi T'Challa n'kumulerera mobisa ku Haiti. Dzina lake la kumeneko ndi Toussaint, koma la kwawo ndi T'Challa. Okana kusintha wosewera anaona kuti dzina lapitirira popanda wina kuvala nkhope ya malemu. Ofuna kusintha anati kampani yavomereza mfundo yawo mozembera, kungoti yawauza kuti adikire mwanayo akule.